Ukati Madzi, Akhale Madzi

Adwoa Oforiwaa anabereka ana aamuna atatu, ndipo onse atatu anatenga maina a kuchimuna. Palibe cholakwika pamenepo, ndi mmene timachitira kuno: mwana ndi wa fuko la mayi ake, koma dzina amapereka ndi bambo. Vuto linali loti mayi a Oforiwaa, a Maame Boahemaa, analibe mwana wina woti n'kuwaberekera mdzukulu wotenga dzina lawo. Mkamwini wawo Amoateng, telala wa ku Asafo, analumbira kuti mwana wachitatu akhala wa apongozi, kaya ndi wamkazi kaya ndi wamwamuna, ndipo anawasokera ndi manja ake chovala choyera cha tsiku lotulutsa mwana. Koma sabata imene mwanayo anabadwa amalume a Amoateng anatisiya, ndipo anthu akufa, mukudziwa, saima pamzere. Dzina linapita kwa malemu.

A Maame sanachite phokoso. Anapinda chovala chija n'kuchiika pansi pa sutikesi. Koma akamwa kachikho kamodzi ka uchema ankangoyang'ana denga n'kunena kuti, "Ine ndikadzafa, dzina langa mudzalikulunge m'nsalu n'kulilowetsa nane m'bokosi. Lisadzatsale panja n'kumavutitsa anthu." Oforiwaa ankaseka nawo, koma mawu amenewo ankamubaya.

Iye anakulira ku Effiduase, kuseri kwa chisakasa chimene mayi ake ankagulitsiramo uchema ndi kachasu. Ana ena ankatsuka zikho n'kuthawira kosewera. Iye ankagwada pambali pa mtsuko n'kumaonerera thovu likukwera, mpaka tsiku lina anafunsa kuti, "Maame, thovuli likuchokera kuti, popeza m'mtsukomu simunaikemo mpweya?" A Maame anamuyankha kuti akamaliza zikho amuuza. Zikho sizinathe, ndipo yankho silinabwere. Mtsikanayo analitsatira yekha funsolo kusekondale, kuyunivesite ku Kumasi, mpaka kudziko lozizira kumene anakhalako zaka zingapo. Anabwerako ndi udokotala wa kemisitiri, chijasi chimene sanachivalenso, ndi matenda amodzi osachiritsika: haidrojeni.

Munthu ukamufunsa za ntchito yake ankaiwala kuti ali ndi supuni m'manja. Madzi, ankatero, ali ndi haidrojeni mkati mwake, mpweya uja woyaka bwino osasiya utsi. Kuti uutulutse umaviika kandodo ka makala m'madzi n'kulumikiza magetsi. Koma kandodo pakokha n'kaulesi. Tizidutswa ta haidrojeni timafika pamenepo n'kumangoyang'anana, popanda woyambitsa nkhani, pomwe timafunika tigwirane tiwiritiwiri kuti tisanduke mpweya. Ndiye pamafunika nkhoswe. Nkhoswe wodziwika ndi chitsulo cha pulatinamu, koma ameneyo ndi nkhoswe wa mabwana, sapezeka wamba. Oforiwaa ankafuna nkhoswe wa anthu ngati ife: molekyu, kanthu kosaoneka ndi maso, kokhala ndi atomu imodzi ya chitsulo cha kobati pakati, yozingidwa ndi mikono imene iye mwini ankaiumba m'mabotolo. Kobatiyo amalandira mphamvu ya magetsi kuchokera kukandodo n'kugwira kachidutswa kamodzi ka haidrojeni. Mkono wina umatola kachiwiri m'madzi n'kukasendeza pafupi. Tiwirito tikakhudzana, basi ukwati wamangidwa, takwera m'mwamba ngati thovu, ndipo nkhoswe watsala mmene analili, kudikira banja lotsatira.

"Ndiye nkhoswe wakoyo sakwatira?" anafunsa Amoateng tsiku lina akudya fufu, nsima yosinja ya chinangwa.

"Sakwatira. Akangokwatira ndiye kuti ntchito yatha."

"Munthu wanzeru," anatero Amoateng, ndipo analandira chipande paphewa. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima.

Koma ntchito imeneyi ili ndi chinyengo chake. Magetsi ndi ankhanza. Mamolekyu ambiri akawombedwa amathyoka mikono, kobati n'kugwera pakandodo ngati mwaye, ndipo mwayewo nawonso umatha kutulutsa haidrojeni. Thovu limatuluka ndithu, mwini wake n'kumavina kuti molekyu wanga ndi ngwazi, chikhalirecho molekyuyo anafa kalekale. Pofuna kugwira bodza limeneli umazula kandodo kaja, n'kukatsuka, n'kukaviika m'madzi atsopano opanda molekyu. Thovu likamatulukabe, ndiye kuti ntchito yonse inali ya mwaye. Kukakhala zii, ndiye kuti wogwira ntchito anali molekyu amene watsala m'botolo loyamba lija.

Owura Twumasi, bambo wadazi amene ankasamala labotale ya Oforiwaa ndi kuumba ziwiya zake zagalasi, ankatcha zimenezi kusambitsa mwana. Ndi iyenso anayambitsa zoti molekyu watsopano aliyense azitchedwa ndi tsiku limene wabadwa, monga mwana aliyense wa kuno: wa Lachisanu ndi Afua, wa Lamulungu ndi Akosua. Dzina lenileni, lotengera munthu, linkadikira mpaka mwana asambe. M'mabuku mamolekyu ali ndi maina aatali ngati sitima, oti palibe angawatchule asanapume, ndiye woumba ali ndi ufulu womupatsa dzina lalifupi loti anzake azigwiritsa ntchito. Apa m'pamene Oforiwaa anaona mpata.

Afua woyamba anabadwa mvula itangoyamba, wofiirira ngati mafuta a kanjedza, ndipo atamulumikiza kumagetsi thovu linachita kuwira. Oforiwaa, mayi wa ana atatu, wodziwa bwino lomwe kuti mbereko sagula mwana asanabadwe, anathamangira foni.

"Maame, ndapeza wotenga dzina lanu!"

"Iwe Adwoa, uli ndi pakati? Pamsinkhu umenewu? Amoatengyo alibe nsalu zosoka?"

"Ayi, Maame, ndi mwana wa m'botolo."

Analongosola, a Maame anamva zimene anafuna kumva, ndipo foni isanazizire msika wonse wa Effiduase unali utadziwa kuti Lachisanu lotsatira, tsiku lachisanu ndi chitatu, kuli kutulutsa mwana kuyunivesite. Oforiwaa sanade nkhawa, ankati amusambitsa Afua pakati pa sabata. Koma sabata imeneyo magetsi anachita mwano, kubwera n'kuthawa munthu asanavale magalasi, ndipo jenereta inali itafa chaka chatha. Magetsiwo anabwera molongosoka m'mawa wa Lachisanu lomwelo, limodzi ndi minibasi yodzaza amayi ovala zoyera, atasenza madengu a kenkey, nsima yowawasa yokulunga m'makoko, komanso nsomba zokazinga ndi tsabola. A Maame anatsika patsogolo, chovala chija chikuwala, ndipo pambuyo pawo panali mnzawo wa ponda apa n'pondepo, a Pokuaa, amene mawu awo akayamba nyimbo agalu amalowa m'nyumba.

"Timusambitse kaye, Maame," anatero Oforiwaa. "N'zachidule."

Amayi anaunjikana m'labotale, Owura Twumasi akuchita kuwapempha kuti zigongono zisakhudze kanthu. Oforiwaa anazula kandodo, anakatsuka, anakaviika m'madzi atsopano, n'kuyatsa. Poyamba kunali zii. Kenako kathovu kamodzi kanamera pakandodo, kena, kena, mpaka kandodo konse kanavala mikanda.

"Akupuma! Mwana akupuma!" anakuwa a Pokuaa, ndipo nyimbo inaphulika. Mipango yoyera inali m'mwamba, a Maame akuvina pakati, manja atatambasula, misozi ikutsika. Palibe tsiku limene Oforiwaa anawaona mayi ake atakondwa chotero.

Owura Twumasi anayang'ana thovu, anayang'ana denga, n'kusendera pafupi. "Dokota," ananong'oneza, "odziwa tilipo awiri. Adye, avine, apite. Zamabukuzo tidzakonza Lolemba."

Oforiwaa anaganiza, osanama, anaganiza ndithu. Mtima unkamuuza kuti dzina la m'labotale si dzina la pamtanda wa manda, palibe angafe nalo. Koma anaona a Pokuaa atatulutsa kale botolo la kachasu ndi kapu yamadzi. Pamwambo wotulutsa mwana, wamkulu amadonthezera khanda madzi palilime, kenako kachasu, n'kuliuza kuti ukati madzi akhale madzi, ukati mowa ukhale mowa. Oforiwaa nayenso anamudonthezera ali wa masiku asanu ndi atatu, ndipo kachasuyo anali wa m'chisakasa cha mayi ake omwewa. Anazimitsa magetsi.

"Maame, imani kaye. Thovuli si la mwanayu. M'madzimu mwana mulibe. Afua anafera pakandodo, ndipo chikutulutsa thovuli ndi mwaye wake."

Nyimbo inatha mwapang'onopang'ono, kuyambira kutsogolo mpaka kukhomo, kumene ena anapitiriza vesi yonse asanamve.

"Koma thovu ndi thovu," anatero a Pokuaa. "Si limene mumafuna?"

"Ndi lomwelo, Anti, koma mwaye anthu anaudziwa kale, ndipo sungauphunzitse kanthu. Molekyu ndimatha kumusintha mkono uwu kapena uwo, n'kudziwa chifukwa chake wafulumira. Ndikapereka dzina apa, ndiye kuti dzina la Maame lapita kwa mwaye."

Amoateng, amene anabwera ndi kamera yobwereka, anakanda m'mutu. "Mwachidule, amayi, mimba ndi ya wina."

Ena anaseka, koma a Maame sanaseke. Anamanga bwino mpango wawo, anatuluka, n'kukakhala yekha m'minibasi. Amayi enawo anadya kenkey pansi pa mtengo wa mango, popeza chakudya chilibe mlandu, ndipo pobwerera anali ndi nkhani yokwanira miyezi itatu.

Oforiwaa anapita ku Effiduase Lamulungu, atanyamula buledi ndi mantha. Anawapeza mayi ake akutsuka zikho, ndipo anagwada n'kuyamba kutsuka nawo. Zikho zinatsala pang'ono kutha pamene a Maame analankhula.

"Wandivula pagulu, Adwoa."

"Ndikudziwa, Maame. Pepani."

"Pokuaa akundipatsa moni wa anamfedwa. Dzulo anandibweretsera sopo wa chipepeso." Anakhuthula madzi. "Amalume a bambo ako atakudonthezera kachasu wanga uja unalira mpaka masana, ine n'kumati nkhalambayi yangotaya mowa. Kani unalowa." Anamuyang'ana kwa nthawi yoyamba. "Tamva. Khanda losamba koyamba amalisambitsa ndi agogo ake, ndipo iwe unachita zinthu cham'mbuyo. Kuyambira lero, mwana aliyense wa m'botolo usamukhudze ndisanafike. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Ndizibwera ndekha."

Ndi mmene unayambira mwambo umene unatenga theka la moyo wa Oforiwaa wapantchito. Molekyu wabwino sabadwa mwezi uliwonse. Ena ankatenga chaka akuumbidwa, ena zaka ziwiri, mankhwala akuchedwa padoko, ophunzira akubwera n'kumapita, Oforiwaa akuphunzitsa makalasi odzaza mpaka m'mawindo. Koma akangobadwa wina wotulutsa thovu lokhutiritsa, foni inkalira ku Effiduase, ndipo tsiku lachisanu ndi chitatu a Maame ankatsika m'minibasi atavala choyera chija. Anaphunzira kugwira botolo lapulasitiki lotsukira, kulifinya pang'onopang'ono kuchokera kumwamba, akuimbira kandodo nyimbo yomwe ankaimbira Oforiwaa pomusambitsa. Alonda a pageti ankawatcha agogo a haidrojeni.

Akosua anasamba n'kupezeka kuti ndi mwaye. Abenaa, wa Lachiwiri, chimodzimodzi. Afua wachiwiri sanadikire n'kusamba komwe, anasanduka matope akuda a Maame akukwera masitepe. Ndiye kunabwera Akua, wa Lachitatu, amene anasamba n'kupambana: madzi atsopano anali zii. Oforiwaa analumpha ngati kamtsikana. Koma a Maame anapempha kuti amubwezere mwanayo m'madzi aone mmene amagwirira ntchito. Anadikira. Kathovu kamodzi kanatuluka, kanaganizaganiza, n'kukwera. Kachiwiri kanabwera Owura Twumasi atamaliza kusenda lalanje.

"Ameneyu ndi woona, Maame," anatero Oforiwaa. "Kungoti ndi wofatsa."

"Ndi waulesi. Ine ndinkasenza mitsuko tambala asanalire, ndiye dzina langa lipite kwa uyu? Akatenge la akuchimuna."

"Apongozi, ine ndili pompano," anatero Amoateng.

"Ndakuonani, bambo. N'chifukwa chake ndanena mokweza."

Amayi operekeza anayamba kuchepa. Ulendo wachiwiri anabwera theka la minibasi, wachitatu a Pokuaa okha, kenako a Pokuaa anasamukira kwa mwana wawo ku Takoradi, ndipo a Maame ankabwera okhaokha. Ulendo uliwonse usanachitike chovala chija chinkadzera kwa Amoateng kuti achichape ndi kuchisita, ndipo ulendo uliwonse telalayo ankachibweza pang'ono m'chiuno ndi m'mapewa, osauza munthu. Tsiku lina Oforiwaa anatsegula kabati ya telalayo akufuna sizasi n'kupeza timizere ta nsalu yoyera tomangidwa bwinobwino. Anatseka kabatiyo n'kukalira kubafa.

Maso a Maame anayamba kuchita ng'ala. Anawachita opaleshoni diso limodzi, linaona kwa kanthawi, n'kutsekanso. Thovu sankaliona tsopano. Owura Twumasi, amene dazi lake linali litafika kunkhongo, anaumba kabotolo kakang'ono kozondotsa pamwamba pa kandodo kuti mpweya uzisonkhana mmenemo. Ukadzaza ankakachotsa n'kuyandikitsa machesi, ndipo haidrojeni amalira akapsa, kaphokoso kakang'ono kakuthwa: phwii! A Maame atamva koyamba anaseka mpaka kutsokomola. Anati tsopano ana a m'botolo ayamba kukhala ngati anthu.

Ndiyeno Oforiwaa anayandikira zaka makumi asanu ndi limodzi, msinkhu umene boma limati munthu akapume kaya watopa kaya ayi. Chipinda chake chinali chitalonjezedwa kale kwa mphunzitsi wina wachinyamata wa zamabatire, amene ankadutsa pakhomo n'kumapereka moni waulemu kwambiri maso ali pamashelefu. Panatsala mpata wa mwana mmodzi.

Ana onse akufa aja sanafe pachabe. Aliyense anamuonetsa Oforiwaa pamene mikono imathyokera, ndipo nthawi zonse inkayambira kunsonga, kumene mkono umathera. Ndiye anaumba molekyu wopanda nsonga: mikono yonse yolumikizana kukhala mphete imodzi yozinga kobati, ndi kamkono kamodzi kokha kolendewera kotolera haidrojeni. Kutseka mpheteyo kunamutengera chaka ndi miyezi, tsitsi lake n'kuyera mbali imodzi. Anabadwa Lachinayi, wobiriwira ngati masamba a koko, ndiye anali Yaa. Thovu lake silinali lowira ngati la Afua woyamba uja, koma linali lokhazikika, losatopa.

Sabata imeneyo Oforiwaa sankadya bwino. Kandodo kanali pomwepo, botolo lotsukira pomwepo, ndipo akanatha kuyesa mwakachetechete kuti adziwiretu ngati n'koyenera kuvutitsa nkhalamba yosaona. Dzanja linafikako kangapo. Koma pangano ndi pangano.

Lachinayi lotsatira Amoateng anakawatenga apongozi pa takisi. Pamasitepe anawabereka kumsana, iwo akumulalatira njira yonse.

"Pang'onopang'ono, bambo, sindine thumba la makala."

"Thumba la makala sililankhula, apongozi."

"Mukanapereka dzina nthawi ija bwenzi msana wanu uli pamtendere lero."

Anawakhazika pampando pafupi ndi tebulo. Chovala chija chinali chitachepa mpaka kufanana ndi cha mtsikana wa sekondale, koma chinali choyera mbee. Pakhomo panasonkhana amayi osesa, mlonda wa pageti, ndi mphunzitsi wa zamabatire uja, amene ananamizira kuti akudutsa.

Anayamba ndi Yaa ali m'madzi. Mpweya unasonkhana, Owura Twumasi anayatsa machesi. Phwii! A pakhomo anaomba m'manja.

"Musataye manja," anatero a Maame. "Onse aja analiranso chonchi. Adwoa, bweretsa mwana."

Oforiwaa anazula kandodo n'kuika botolo lotsukira m'manja mwa mayi ake. Zala zawo zinali zopepuka ngati timitengo, zinalibe mphamvu yofinya, ndiye anaika manja ake pamwamba pa awo n'kufinyira limodzi. Madzi anatsika pakandodo, a Maame akuimba chapansipansi koma nyimbo yosasokonekera. Atamaliza, Oforiwaa anaviika kandodo m'madzi atsopano, Owura Twumasi anazondotsa kabotolo, magetsi anayaka.

Kudikira kumeneko kunali kwautali. Oforiwaa ankayang'ana mzere wa pakompyuta wosonyeza kuchuluka kwa magetsi amene kandodo kakumwa. Unali utagona pansi. Ankadziwa kuti wa Abenaa unagonanso choncho poyamba, n'kudzuka mwadzidzidzi, ndiye ankachita mantha ngakhale kuphethira. Amoateng anayamba nkhani ya kasitomala wina amene anabweretsa nsalu ya malaya n'kumafuna suti, koma palibe anamuthandiza, ndipo nkhaniyo inafera panjira.

Itakwana nthawi yofanana ndi yoyamba ija, Owura Twumasi anachotsa kabotolo n'kuyatsa machesi. Lawi linangoyaka pakamwa pa kabotolo mpaka linamuotcha chala. Kunali zii.

"Ayii, pepani agogo," anatero mmodzi wa amayi osesa. "Mwana wapitanso. Mulungu ndiye amadziwa."

"Pepani kwambiri, Dokota," anawonjezera mlonda, atavula chipewa.

"Tatsekani pakamwa inu!" anakalipa a Maame. "Mukundisokoneza makutu. Twumasi, yatsa kena."

Anayatsa kena. Zii. A Maame anapendeketsa mutu, khutu lili kubotolo, monga ankachitira pamitsuko ya uchema.

"Adwoa, sindikumva kanthu."

"Palibe chomva, Maame." Oforiwaa anayang'ananso pakompyuta. "Kandodo n'koyera. Mzere wagona. Palibe mwaye."

"Ndiye amene analira uja ndani?"

"Ndi mwanayo, Maame. Yekha."

Dokota Oforiwaa, mayi wa imvi, mphunzitsi woopedwa ndi makalasi onse, anavula magalasi n'kuyamba kuvina pakati pa labotale, akulira. Owura Twumasi ankaimba ng'oma pachidebe cha zinyalala. A pakhomo anayang'anana, atasokonezeka kuti maliro awa ndi amtundu wanji, mpaka mlonda anavalanso chipewa n'kulowa m'bwalo, popeza kuvina sikufuna kumvetsa.

"Mubwezereni m'madzi," analamula a Maame. "Ndimve ngati si waulesi ngati wa akuchimuna uja."

Anamubwezera Yaa m'madzi, pakandodo komweko kotsukidwa, ndipo mzere wa pakompyuta unadzuka nthawi yomweyo. Mpweya uli mkati mosonkhana, Oforiwaa anapukuta maso n'kugwada pafupi ndi mpando.

"Maame, ndinene zoona. Kusamba n'chiyambi chabe. Pali mayeso ena akumudikira, ndipo anzanga akunja adzamuzunza kuti aone ngati sathyoka."

"Mwana aliyense chikuku chimamudikira. Dzina timapereka tsiku lachisanu ndi chitatu, sitidikira ukwati. Bambo, botolo lija."

Amoateng anatulutsa kachasu m'thumba la jekete. Oforiwaa anachita kudumpha kutchinga tebulo. "Osati m'botolo langa! Mundiphera mwana!" Anatapa timadontho ta Yaa n'kutiika m'kambale kagalasi, n'kutsogolera dzanja la mayi ake. A Maame anaviika chala m'madzi n'kudonthezera m'kambale. Anaviika m'kachasu n'kudonthezanso.

"Iwe mwana, wabwera, khala. Ukati madzi, akhale madzi. Ukati mowa, ukhale mowa."

"Apongozi, mwamulakwira," anatero Amoateng. "Uyu ntchito yake n'kutenga madzi n'kunena kuti ndi mpweya."

"Ndiye akati mpweya ukhale mpweya. Inu dzina munalephera kupereka, khalani chete amayi ake apereke."

Oforiwaa anaimirira, n'kunena momveka, monga amanenera bambo pamwambo: "Dzina lake ndi Yaa Boahemaa."

A Maame sanavine, miyendo inalibe mphamvu imeneyo. Anangosalaza chovala chawo pamaondo, kawiri, katatu. Kenako anafufuza dzanja la mwana wawo n'kuligwira.

"Tsopano ameneyu alibe anzake osewera nawo, sapita kumsika. Azimuitana ndani?"

"Ndilemba za iye, Maame, ndipo dzinalo likhala pamwamba. Azimuitana anthu a ntchito ngati yangayi, ku Japan, ku Brazil, kudziko lozizira lija. Ena sanabadwe n'komwe."

"Boahemaa? Azungu ndi Majapani?"

"Azilakwitsa, Maame. Azilikhotetsa moti simungalizindikire."

"Alakwitse," anatero a Maame. "Bola azitchula."

Owura Twumasi anakweza kabotolo, kanali katadzaza. Anayang'ana Oforiwaa, Oforiwaa anagwedeza mutu, machesi anayaka.

Phwii!

"Eya," anatero nkhalambayo, ikumwetulira kumene kunachokera phokosolo. "Ndakumva, mnzanga wa dzina. Twumasi, dzaza kena."